Foni Inakana Nkhope ya a Osagwedera

"Iwe, tandiyang'ana bwinobwino. Ukuona munthu wamoyo kapena chithunzi?"

Anandifunsa choncho amalume anga Lolemba lina masana, foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu pamphuno. Ine ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke.

Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Osagwedera, chifukwa kwa zaka makumi atatu mawu amenewa akhala akumveka kuchokera m'kachipinda kawo kojambuliramo zithunzi, pakati pa saluni ndi shopu ya zitsulo. "Chibwano m'mwamba. Tsekani pakamwa. Osagwedera!" Aliyense wofuna pasipoti, laisensi kapena chiphaso cha kuntchito anakhalapo pa kampando kawo kopanda chotsamira, kumbuyo kuli nsalu yoyera. Anthu ankawakondera dzanja lawo. Munthu wabwera ndi ziphuphu, pachithunzi zasowa. Kolala yopindika, yawongoka. Ankakonda kunena kuti munthu amavutika kale m'moyo, chithunzi chake chisamavutikenso.

Nawonso anadzichitira chifundo chomwecho. Ali mnyamata anagwa pa njinga yamoto, ndipo anatsala ndi chipsera chachitali kuyambira pa nsidze yakumanzere mpaka kufupi ndi khutu. Pofuna pasipoti anadzijambula okha, n'kukhala pa kompyuta kufufuta chipseracho mpaka tsaya linasalala ngati la khanda. Ku ofesi ya mapasipoti chithunzicho anachilandira osafunsa kanthu, ndipo iwo ankanyadira ntchito imeneyo kuposa ina iliyonse.

Kenako kunabwera ng'ala. Inayamba diso lakumanja, n'kuwolokera lakumanzere. Sanauze munthu msanga. Ankajambulabe mongozolowera, akudziwa kuti kamera ikaima patali matailosi anayi kuchokera kukhoma, nkhope imatuluka bwino. Atayamba kupatsa makasitomala maenvulopu a anthu ena, azakhali, akazi awo, anawakoka dzanja mpaka kuchipatala. Kumeneko anawauza kuti dokotala wa maso amabwera kawiri pachaka, ndipo iwo awaika pa ndandanda wa opaleshoni ya Lachinayi, bola alipire pofika Lachitatu madzulo.

Ndalama sinali vuto. Mwana wawo wachisamba amagwira ntchito m'sitima zapamadzi kunja, ndipo amatumiza thandizo kudzera pa akaunti ya kiripito, ndalama za pa intaneti zija. Anawatsegulira akauntiyo zaka zitatu zapitazo, ndipo nthawi imeneyo kampani ya kiripitoyo inangofuna chithunzi cha pasipoti basi. Ya opaleshoni inali italowa kale, ikuoneka pafoni. Koma atati aitape, panatuluka uthenga wakuti malamulo asintha, aliyense atsimikizirenso kuti ndi mwiniwake poonetsa nkhope yake pa kamera ya foni. Mwayi ndi kasanu. Ukalephera konse, akaunti imatsekedwa masiku makumi asanu ndi limodzi, ndipo ubwere ndi chiphaso chatsopano. Uthengawu anawawerengera bambo wa shopu ya zitsulo, ndipo amalume anaseka mpaka kutsokomola. Kuwaopseza iwo ndi kamera?

Anakonzekera ngati kukubwera kasitomala wolemekezeka. Anameta ndevu, anamanga tayi, anayatsa magetsi awo onse awiri akuluakulu, anakunga nsalu yoyera, foni n'kuimangirira pa miyendo itatu ya kamera. Anakhala pa kampando. Chibwano m'mwamba, pakamwa potseka, maso tong'o. Pafonipo pankatuluka timalemba ting'onoting'ono towauza chochita, koma kwa iwo tinali ngati nyerere m'chifunga. Anangokhala duu, osaphethira, monga anaphunzitsira msewu wonse. Foni inalira. Anaiyandikizitsa pamphuno n'kuona mtundu wofiira. Anati vuto ndi kuwala, anasuntha getsi limodzi, n'kuyesanso. Wofiiranso.

Apo mpamene ndinalowa ine ndi chakudya chawo chamasana, poti chimalizireni sukulu ntchito yanga inali yotumidwa. Anandipatsa foni kuti ndiwerenge. Inalemba kuti sinathe kutsimikiza kuti pa kamera pali munthu wamoyo.

"Amafuna muziphethira, amalume."

"Ndiphethire? Pojambulidwa? Anawaphunzitsa ntchito ndani anthu amenewa?"

"Akutinso mutembenuze mutu uku ndi uku. Kenako mumwetulire."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikukalipira anthu chifukwa choonetsa mano. Lero ndiwaonetse ine, kwa foni?"

Anawaonetsa. Ine ndikuwerenga mokweza, iwo akutembenuka ngati chidole cha m'sitolo, kumanzere, kumanja, kuphethira, kumwetulira kumwetulira kopanda chimwemwe. Mayi wa saluni anali ataima pakhomo, chipeso chili m'manja.

"Ee, lero a Osagwedera agwedera! Itanani anthu adzaone!"

"Bwererani mukaotche mitu ya anthu, mayi inu."

Ulendo uwu foni inavomera kuti ndi amoyo. Koma inawonjezera mawu ena: nkhope iyi sikufanana ndi ya pa chiphaso. Amalume anatenga pasipoti m'kabati, anaitsegula, n'kumasisita tsamba la chithunzi ndi chala, pomwe panayenera kukhala chipsera.

Lachiwiri anayesa kachinayi, panja padzuwa, poganiza kuti mwina magetsi awo ndi amene akukulitsa chipseracho. Anaima m'mbali mwa msewu akumwetulira foni, anthu amene anawajambulapo akudutsa n'kumacheuka. Wa zitsulo anakuwa kuti, "Achimwene, chibwano m'mwamba!" Ena anaseka. Yankho linali lomwe lija.

Anayesa kufuna munthu woti alankhule naye ku kampaniko. Kunalibe nambala yoimba. Kunali kabokosi kolemberamo, ndipo chilichonse chimene ndinawalembera, kankayankha mwaulemu kuti tionetsetse kuti pamalopo pakuwala bwino. Amalume atamva zimenezo anatukwana mawu amene sindingalembe pano. Mwana wawo anali pakati pa nyanja, kopanda netiweki mpaka mwezi utatha. Azakhali anazungulira kwa abale, koma abale athu ndi olemera mawu okha.

Nzeru yomaliza inachokera kwa mayi wa saluni, ndipo anabwera nayo Lachitatu m'mawa, osaseka ayi.

"Achimwene, inu munadzipenta pa kompyuta. Bwerani ine ndikupenteni pankhope, zifanane."

Anakana kawiri, kachitatu analowa. Anakhala pampando wa akwatibwi, thaulo lapinki lili m'khosi, atsikana awiri oluka tsitsi akudziluma milomo kuti asaseke. Anamva zonona zozizira zikuyenda pa tsaya, kenako kaburashi, kenako fungo la paudala limene ankalimva pa makasitomala a ukwati. Pagalasi sankaona kanthu koma chinthu chotuwa chooneka ngati mutu. Anafunsa ngati chasowa. Mayiyo anati chasoweratu, mwabwerera unyamata, azakhali asamale. Amalume ankadziwa bwino kuti akuchita zomwe akanamuseka nazo munthu wina. Koma mawa linali Lachinayi.

Poyesa kachisanu anakhala pa kampando kawo. Anaphethira, anatembenuka, anamwetulira. Foni inati tidikire, akuunika. Tinadikira ola lathunthu, iwo osasuntha, kuopa kuti thukuta lingachotse paudala, ngati kuti akuonedwabe. Kenako uthenga unabwera. Akaunti yatsekedwa. Pali chikaiko chakuti munthu wina wadzibisa nkhope pofuna kugwiritsa ntchito chiphaso cha mwiniwake.

"Werenganso," anatero.

Ndinawerenganso.

"Ndiye kuti ndine wakuba. Ndikudzibera ndekha."

Anatenga nsalu yopukutira magalasi a kamera n'kuyamba kudzipukuta nayo kumaso, nsalu imene sankalola munthu kuikhudza n'komwe.

Lachinayi anatsegula kachipinda kawo nthawi yake, ngati tsiku lina lililonse. Malo awo kuchipatala anapatsa wina. Cha m'ma teni kunabwera mtsikana wofuna zithunzi zofunsira ntchito ya unamwino. Anamukhazika, anawerenga matailosi, anajambula, koma sananene mawu awo aja. Mtsikanayo atatsegula envulopu anakwinya nkhope.

"Agogo, mwandijambula ngati ndili pansi pa madzi. Izi ndikapereke kuti?"

Wina anali atasuntha kampando posesa, ndipo iwo sanaone. Mtsikanayo anasiya zithunzizo pa kauntala n'kuwoloka msewu kupita kwa anyamata ojambula ndi foni. Amalume anayang'ana kukhomo nthawi yaitali.

Anthu amakonda kunena kuti makina alibe tsankho. Ine ndinaona makina akuchititsa manyazi munthu amene sanabepo ngakhale singano, ndipo panalibe wina woti n'kumuloza chala, kapena khomo loti n'kugogoda. Dokotala adzabweranso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Diso lakumanzere silidikira.

Chotsala chinali pasipoti yatsopano. Madzulo a Lachinayi lomwelo, tikutseka, anandiuza kuti mawa ndiwayatsire kompyuta, adzijambulanso okha.

"Chipseracho tichisiya, eti amalume?"

"Tingochichepetsa pang'ono. Pang'ono pokha. Sindingapite kwa eni dziko ndi nkhope ya chigawenga."

"Koma ndi chimene chatipweteketsa."

"Iwe wabadwa dzulo. Ntchito iyi ndi yanga."

Loweruka ndinayenera kukwera basi kupita kwa achemwali anga, amene anandipezera malo mu supamaketi. Chikwama chinali chomangamanga, ndipo ndinali nditauza kale anzanga onse kuti msewu uno sudzandionanso. Ndili m'njira yopita kunyumba ndinawalembera achemwali kuti andisungire malowo ngati angathe, ngati sangathe apatse wina. Ndinatsimikiza mtima kuti chithunzicho ndijambula ndine, ndichisindikiza momwe chatulukira, chipsera ndi ng'ala zomwe, ndipo envulopuyo ndikapereka ndi dzanja langa. Akandifunsa ngati ndachichepetsa, ndiwauza kuti eya, amalume, chasalala. Sangathe kuona kuti ndawanamiza.