Phula la bwato padenga la Mayi

Muli bwanji nonse. Jiko (mbaula) la nkhuni lija Bambo anagula ku Mbinga, loti Mayi aziwotha chifukwa cha nyamakazi, taliyatsa lero. Jamani, abale inu!

Fundi, mmisiri wathu uja, ananena kuti abwera Lachinayi kudzatseka mpata wa padenga, pamene patulukira bomba (paipi) la utsi. Bambo amvekere, "Zaka zonsezi ndikumata mabwato, kandikanike kabowo aka?" Anakwera ndi phula lawo la bwato ndi nsanza, n'kumata bwinobwino.

Moto utakolera, m'nyumba munafundadi, Mayi mpaka anavula juzi. Kenako tinangomva tho! tho! Phula lasungunuka, likudontha.

Ndipo silinagwere pansi ayi. Mayi anali atayanika bulauzi yawo yoyera pafupi ndi jiko kuti iume msanga, poti mawa akukayimba pa ukwati ku Lituhi. Panopa ili mawangamawanga ngati nkhanga.

Mayi sanakalipe. Angoti, "Bambo ake, bwato limakhala m'madzi, osati pamoto." Bambo akuti vuto ndi nkhuni, zinaumitsitsa. Akufuna kukweranso ndi phula lina.

Makwerero ndabisa kwa aneba. Ndiwauze Bambo kumene ali, kapena tidikire fundi? Yankhani msanga abale, ayamba kuyang'anitsitsa mtengo wa mango uja wayandikana ndi denga.