Mbaula Pansi pa Tebulo la Veronika

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, mverani za Veronika wa pa Chimbiya.

Lachiwiri lina mu Juni, wakabaza womaliza anatuluka m'kachipinda kake ka magemu akupukusa mutu. Gemu ya mpira inali itaimanso pa sikirini, wosewera mwendo uli m'mwamba, golo lili pafupi. Kanali kachisanu tsiku lomwelo.

Veronika analephera Folomu 4 kawiri. Anagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu zaka zinayi, mpaka anagula kompyuta yakale yoti akabaza azisewerapo podikira okwera. Chipindacho chinali cha alongo ake, a Gibson, ndipo madzulo amenewo anamuuza mosabisa.

"Vero, Loweruka tikukumba kachewere. Mukakhala mulibe anthu muno, mulowa matumba a kachewereyo. Matumba saima pakati pa gemu."



A Timoteyo, okonza mafoni pa sitolo yoyandikana, anati vuto ndi SSD, kachipangizo kosunga magemu m'kati mwa kompyuta. Anati kadzadza ngati nkhokwe. Veronika anafufuta magemu amene anthu sankasewera. Kompyuta inapepukako, koma kuimako sikunathe.

Akabaza nawo anali ndi nzeru zawo. Anati ndi chisanu cha Dedza. Ngakhale njinga yamoto imavuta kulira m'mawa. Choncho Veronika anaifunditsa kompyuta bulangete, n'kusendeza mbaula yowothera makasitomala pansi pa tebulo. Zinthu zinangoipiraipira.

Pamenepo anasiya kufunsa anthu. Anatenga kope, n'kumalemba nthawi iliyonse gemu ikaima. Pofika Lachinayi anaona chimene aliyense sanaone: m'mawa, moto usanakolezedwe, gemu inkayenda bwinobwino. Analowetsa dzanja m'bulangete muja, n'kulibweza msanga. Chitsulo chinali kuotcha.

A Timoteyo anavomereza kuti SSD ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Iwonso, anati, chisanucho chinawanamiza, moti sanaganizeko za kutentha.

Veronika anachotsa bulangete, anatulutsa mbaula pakhomo, napopera fumbi la m'kati ndi pampu ya njinga. Akabaza anadandaula kuti zala zikuuma. Anawauza kuti wogonja azikaotha panja.

Loweruka a Gibson anafika ndi ngolo ya matumba. Anapeza amuna asanu ndi mmodzi m'chipindamo atavala majekete, akunyozana za magolo. Anaimirira pakhomo kudikira kuti gemu iime. Inatha yoyamba. Inatha yachiwiri, kenako yachitatu.

"Ndiye matumbawa ndipite nawo kuti?" anafunsa.

"Kwanu, achimwene. Koma muyambe mwaotha kaye."

Ngolo itatembenuka, Veronika anakhala pa benchi, n'kupumula.

Mwina nanunso chimene mukuchifunditsa bulangete chikungofuna mpweya. Onani bwino, lembani, gwirani ndi dzanja lanu. Ngolo ya matumba ingafike pakhomo, koma isanatsitse katundu, mtima wanu musautaye.