Jekete la Makasitomala

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai ndinaipeza ndi bodza la alamu anga. Iwo amayendetsa galimoto yogawa madzi akumwa ku Al Qusais, ndipo mmodzi mwa makasitomala awo anali mwini wa kashedi kobwereketsa mabolodi a windisefu kugombe la Mamzar. Atamva kuti akufuna munthu, alamu anamuuza kuti kwathu kuli nyanja yaikulu ndipo ana amayamba kusambira asanadziwe kuyenda. Ine ndine wa ku Ntcheu, kumapiri. Madzi akuya amene ndinkawadziwa anali a kamtsinje ka kudimba, olekeza m'mawondo.

Dzina la bwanayo sinditchula, silindikoma m'kamwa. Anali wamfupi, wa magalasi akuda osachoka kumaso, ndipo ankatiitana ndi wezulo ngati agalu. Tsiku loyamba lomwelo ndinamuuza zoona kuti kusambira sindidziwa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Malawi, nyanja! Ndi ulesi chabe umenewo. Yalla, fulumira, nyamula bolodi."

Windisefu ndi masewera oti munthu amaimirira pa bolodi lalitali lopepuka, atagwira thanga, mphepo n'kumamukankha pamadzi. Ntchito yanga inali yokonza zonsezo anthu asanafike. Ndinkalumikiza zidutswa ziwiri za mlongoti, kuulowetsa m'thumba la m'mphepete mwa thanga, kenako kukhala pamchenga, kuponda tsinde la mlongotiwo ndi phazi n'kukoka chingwe cha pansi mpaka makwinya onse atatha. Ndikatero ndinkamanga bumu, chogwirira chija chozungulira thanga, molingana ndi mapewa a kasitomala. Pansi pa bolodi pamakhala chipsepse chomangidwa ndi sikuluu, ndipo kamchenga kakalowa m'bowo lake, umatukwana mpaka malovu kuuma. Madzulo chilichonse chinkatsukidwa ndi madzi a pampopi chifukwa mchere umadya zingwe. Zala zanga zinang'ambika mwezi usanathe.

Malo osewerera ndinawadziwa chifukwa cha mafunso a makasitomala. Mtsinje waukulu wa pakati pa Deira ndi Bur Dubai si wa masewera, m'menemo ndi msewu wa maboti owolotsa anthu ndi zombo za katundu. Akatswiri ankapita ku Umm Suqeim kukaswana ndi mafunde ikamawomba shamal, mphepo yaukali yochokera kunyanja. Ife tinali pamene madzi a m'nyanja amalowa kumtunda ngati mtsinje, malo odekha oyenera ophunzira. Koma mtsinje umenewo uli ndi khomo pakati pa miyala iwiri yotchinga mafunde, ndipo ukadutsa pamenepo wafika panyanja yeniyeni.

Amene anandiphunzitsa za mphepo ndi Javed, Mpakisitani woyendetsa boti lathu lopulumutsira anthu. Ankati mphepo yochokera kunyanja imaopsa ndi maso okha, ukagwa imakubweza kugombe. Yoipa ndi yochokera kuchipululu. Imasalaza madzi ngati tebulo, munthu n'kumati lero ndiye kwacha bwino, pamene ikumukankhira kukhomo kuja mwakachetechete. Ikamawomba imeneyo tinkakweza mbendera yofiira.

Koma lamulo limene ndinadana nalo kuposa onse linali la majekete. M'shedimo munali majekete oyandamitsa mbwee pa waya, a ana ndi a akulu omwe, koma wantchito sankaloledwa kuvala. Bwana ankati kasitomala akaona wantchito atavala jekete amaganiza kuti pamalopo palibe wodziwa madzi, ndiye amathawira kwina. Choncho tsiku lililonse ndinkalowa m'madzi mpaka m'khosi, nditagwirira mlendo bolodi, iye ali m'jekete, ine ndili ndi kasikipa ka kampani basi. Pansi pali malo ena otsetsereka mwadzidzidzi. Ndinkayenda chofufuza ndi zala za kumapazi, uku ndikumwetulira monga tinalamulidwira. Ndinkamuda munthu ameneyo, ndipo sindibisa. Koma chitupa changa chokhalira m'dzikomo chinali m'dzina la shedi yake.

Tsiku loipalo linali Lachisanu. Mphepo ya kuchipululu, imene masiku ambiri imatembenuka dzuwa likakwera, inakana kutembenuka ngakhale masana. Javed anakweza mbendera yofiira, n'kupita kumzikiti. Atangokhota pakona, panaima galimoto, munatuluka mzimayi wachizungu amene anali ataphunzirapo masiku ochepa, pambuyo pake mayi wakuda atanyamula mwana ndi zikwama. Bwana anatsitsa mbendera ija ndi manja ake, n'kundiimbira wezulo kuti ndikonze thanga.

Ndikukoka chingwe ndinang'ung'udza m'chinenero chathu, poganiza kuti palibe akumva.

"Iii, achimwene, ndinu akumudzi?" anatero mayi uja. Anali a Esinati a ku Mulanje, olera mwana wa mzunguyo ku Oud Metha. "Ndiye mukuti mphepoyi njoipa? Madamu angawa akagwa sadziwa kudzutsa chinsalucho."

Sindinawayankhe mokwanira, bwana anali atayandikira.

Mzimayi uja ananyamuka bwinobwino, mphepo ili kumsana. Zinthu zinavuta pofuna kutembenuka. Anagwa, anakwera, anakoka chingwe chodzutsira thanga, anagwanso. Nthawi iliyonse akadzuka ankaoneka wamng'ono kuposa poyamba. Kenako anangokhala pa bolodi n'kumatambasula manja m'mwamba ndi pansi, chizindikiro chopempha thandizo. Khomo la miyala lija linali pafupi naye.

Bwana anathamangira kuboti, koma kiyi anali m'thumba la Javed. Bwana mwiniyo sindinamuonepo akunyowetsa ngakhale akakolo. Anakoka bolodi lalikulu lopalasa, n'kundiponyera nkhafi.

"Pita, Malawi! Yalla, yalla!"

Ndinatambasula dzanja kuti nditenge jekete pa waya. Anandimenya padzanjapo ngati mwana woba shuga.

"Anthu akuona! Pita choncho!"

Ndikanapita choncho. Ndinali nditazolowera wezulo moti miyendo inali itayamba kale kuyenda. Koma a Esinati anakhazika mwana pamchenga, anadutsa pakati pa ine ndi bwana ngati sakumuona, n'kuchotsa jekete lalikulu pa waya. Anandiveka okha, n'kukoka malamba mpaka ndinabanika.

"Valani achimwene. Mukamira, uyu mawa alemba wina, khalas, zatha. Amene adzalire ndi amayi anu ku Ntcheu."

Bwana anawakalipira, iwo anangomuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumagalasi, n'kunyamula mwana uja.

Ndinapalasa nditagwada. Kupita sikunavute, mphepo inkandithandiza monga inathandizira mzungu uja. Madzi anasintha kuchoka obiriwira kukhala akuda. Nditayandikira, ndinaimirira pang'ono kuti ndimuponyere chingwe, ndipo funde la boti lina lodutsa chapatali linamenya bolodi langa cham'mbali. Ndinangoona thambo, kenako mdima. Mchere unalowa m'mphuno ndi m'khosi. Mapazi anafuna pansi, pansi panalibe. Nkhafi inapita, bolodi langa linapita, ine ndikumenya madzi ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Chimene chinandibweza pamwamba si nzeru zanga ayi, ndi jekete lija. Linandikweza, n'kunditembenuza chagada.

Amene ndinapita kukamupulumutsa ndi amene anandipulumutsa. Anagona chamimba pa bolodi lake, anandigwira kolala ya jekete n'kundikokera pafupi. Ndinakumbatira bolodilo ndikusanza madzi, iye akulira, ine ndikulira. Thanga lake linali m'madzi ndipo linkatichedwetsa, choncho tinadutsa pakhomo paja pang'onopang'ono, tikuona miyala ikutsalira m'mbuyo. Sindidziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji tisanamve injini. Anali Javed, ali ndi chovala chake choyera cha kumzikiti, akutukwana m'chinenero chakwawo.

Titafika kugombe, bwana anathamangira mzungu uja ndi thawulo ndi botolo la madzi. Atatembenukira kwa ine, sanafunse ngati ndili bwino. Anafunsa za nkhafi. Kenako anatsitsa mawu.

"Vula jeketelo, habibi, mnzanga. Wandichititsa manyazi mokwanira."

Sindinavule. Ndinatsuka matanga ndili nalo. M'mawa mwake ndinafika, ndinalichotsa pa waya iye akuona, n'kumanga malamba onse. Wezulo inalira mpaka inatopa. Anandilanda makasitomala, anandipatsa zotsuka zimbudzi za panja dzuwa lili pamutu, ndipo ndinkazitsuka ndili m'jekete, thukuta lili kamukamu. Mwezi utatha anandichotsa ntchito. A Esinati ndi amene anauza madamu awo, ndipo mzimayiyo anandilankhulira kumalo ena ku Umm Suqeim, kumene ndikukonzabe matanga mpaka pano. Kusambira ndinaphunzira ndili ndi ndevu kale, pakati pa tiana tondiseka.

Chimene ndinatengapo n'chakuti bwana akhoza kulamula manja ako ndi nthawi yako, koma chokusunga ndi moyo sudikira chilolezo chake kuti uvale. Wantchito watsopano akafika kuntchito kwathu sindimufunsa kuti kwawo kuli nyanja kapena ayi. Wina wa ku Nkhata Bay anandiuza kuti anabadwira m'bwato. Ndinati zikomo, n'kumukoka malamba mpaka anabanika.

Alamu anga mpaka lero amati ndinataya ntchito yabwino chifukwa cha makani a jekete, ndiponso kuti ndinawachotsa ulemu kwa kasitomala wawo. Amanena zimenezi akuyendetsa galimoto yawo ya madzi, lamba atamanga bwinobwino pachifuwa.