Boma Libwere Lidzakumbe

Atate anga anali mkamwini m'mudzi wa amayi, kufupi ndi Lifidzi. Anapezana ndi amayi ku Dedza kothawa nkhondo, ndipo mtendere utabwera anawatsatira kwawo. Nanga akanapita kuti? Kwawo kwa atate kunapsa, abale awo ena anafa, ena anamera mizu ku Malawi komweko osabwereranso. Iwo ankayesa kuti mudzi wa amayi ndi mudzi wawonso, koma eni mudzi ankaganiza zina.

Nyumba ija ndinaiona ikumangidwa ndi maso angawa, munthu asandinamize. Atate ankanyamula katundu wa amalonda pa njinga ku Kalomwe, matumba a kachewere osanjikiza mpaka iwo osaoneka, akuikankha pachitunda thukuta lili kamukamu. Malata onse a padenga paja anabwera choncho, limodzilimodzi. Amayi ankatunga madzi oumbira njerwa mpaka khosi kuuma, ine ndikuponda nawo dothi. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, amenenso ndi mwinimbumba wathu, sanagwireko ngakhale njerwa yosweka. Ankangodutsa manja ali kumbuyo, n'kuima, n'kunena kuti, "Alamu, mukumangatu ngati ndi kwanu!" Atate ankaseka nawo. Ine ndinali mwana, koma kuseka kumeneko sindinkakukonda.

Ndinakula, ndinatengedwa chitengwa ku Ulongwe, kumene ndimagulitsa nyemba mumsika mpaka lero. Mwa ana onse a amayi ndinatsala ndekha. Kenako amayi anadwala pang'ono chabe n'kutisiya.

Kwathu mkazi akamwalira, tsiku lometa maliro abale ake amasudzula mwamunayo. Amamupatsa nkhuku m'manja n'kumuuza kuti wamasuka, atha kukakwatira kwina. Mawu ake ndi okoma, koma aliyense amadziwa chimene akunena: tenga bulangete ndi khasu lako, uone msana wa njira. Ndipo atsibweni anali atailozera kale nyumbayo. Mwana wamkazi wa amayi aang'ono, mng'ono wanga pachibale, anali atangokwatiwa kumene, ndipo maso ake anali pa malata aja amayi ali chigonere pamphasa.

Tsiku lometalo anthu anadzaza pabwalo. Atsibweni anaimirira atagwira nkhuku miyendo, n'kupita pamene panakhala atate.

"Alamu, landirani. Mwatisungira mlongo wathu bwino. Mwamasuka."

Atate anapinda manja, n'kuwabisa m'khwapa.

"Ndilandire ndipite kuti, alamu?"

"Kwanu."

"Kwathu ndi kuno. Mkazi wanga wagona apo, nyumba yanga ndi iyo."

"Nyumba yanu? Kodi dothi lakenso munabwera nalo pa njinga?"

Anthu anaseka. Pamaliro a amayi anga, anthu akuluakulu a imvi zawo, kuseka! Mtima unandituluka. Akazi salankhula pamenepo, koma ine ndinadzuka.

"Atsibweni, manyazi mulibe? Dothi la pamanda a mlongo wanu silinaume n'komwe, inu mwayamba kale kugawa malata?"

"Iwe, khala pansi," anatero osandiyang'ana. "Unatengedwa. Za kuno uzidziwira kuti?"

Anaima pamenepo nkhuku ili lendelende mpaka mkono unalema, atate osasuntha. Pomaliza anaiponya pansi, inathawira kuseri kwa nkhokwe, ndipo anthu anamwazikana akung'ung'udza.

Ndine amene ndinawakoka atate kupita nawo ku tiribunali, bwalo la milandu la boma, ku Ulongwe, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Tinakwera shapa, kaminibasi ka kwathu kuno, iwo atavala jekete lawo la kutchalitchi. Atsibweni anaitanidwanso. Juwizi wake, woweruzayo, anali mzimayi wolankhula mosathamanga. Atamva kuti atate ndi amayi anamanga ukwati wawo ku rejisitu, ofesi ya boma yolembetsa maukwati, ananena momveka kuti zimene mwamuna ndi mkazi apeza ali m'banja ndi za onse awiri, theka uku theka uku. Nthaka ndi ya boma, koma nyumba ndi ya amene anaimanga. Theka la atate ndi la atate, ndipo theka la malemu likugwera mwana wawo ndi mwamuna wawo. Mlongo wa malemu alibe gawo pamene mwana alipo.

Atsibweni anayamba za makolo, kuti mkamwini ndi mlendo, kuti chiyambire kalekale zimatero. Juwizi anawadula.

"Mwambo ndimaulemekeza, bambo. Koma sungatulutse munthu m'nyumba yake."

"Tamva," anatero atsibweni mofatsa kwambiri. "Boma lanena."

Ine ndinatuluka m'menemo ndikuyenda mokhala ngati ndivine. Ndinawagulira atate buledi ndi chakumwa, ndikuwauza kuti aona, agalu aja akhaula. Iwo anangogwira botolo lija osamwa.

"Mwanangu, tapambana. Koma wokagona kumeneko ndine."

Palibe anaswa zenera. Palibe anawatukwana kapena kuwabera mbuzi. Akanatero bwenzi zili bwino, ndikanapeza chokanena. Anthu a m'mudzimo anangosiya kuwapatsa moni. Atate akati mwadzuka bwanji, munthu ankayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula. Ana analetsedwa kukapala moto kwa atate. Maliro akagwa m'mudzi sankawatumira uthenga, ndipo akapita okha amuna ankasuntha mmodzimmodzi mpaka atate kutsala okha pamthunzi. Nthawi yokumba kachewere analipira mayi wina wa mudzi woyandikana nawo kuti awaphikire thobwa, n'kuitana dima monga ankachitira amayi alipo. Anakhala kumunda ndi ndowa zawo mpaka dzuwa kupendeka, osabwera ndi mmodzi yemwe. Thobwa linasasa, analitaya m'mizere.

Ndinkapsa mtima mpaka mutu kuwawa. Koma ndikanabwerera kwa juwizi kukanena chiyani? Kuti anthu sakupereka moni? Moni alibe lamulo. Ndinawapempha atate kuti tikakhale limodzi ku Ulongwe, iwo anakana kwamtuwagalu.

"Ndikakhale pakhomo pa mpongozi, ine? Ndikangotseka chitseko ichi n'kuchoka, ndiye kuti ndalandira nkhuku ija."

Anakhala choncho zaka, akudziphikira okha, akulankhula ndi mbuzi zawo. Munthu amene ankadziwika ndi nthabwala pa Kalomwe ponse anasanduka wosayankhula. Ndikapita kukawaona ndinkapeza pakhomo posesedwa bwino, koma popanda phazi la munthu wina aliyense. Mudzi umenewo ndinadana nawo, ndipo ndimadana nawo mpaka pano.

Chifuwa chitawagwira ndinasiya malonda n'kupita kukawadwazika. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja.

"Ukandiike pafupi ndi amayi ako. Usakandiponye ku manda a ku Ulongwe pakati pa anthu osawadziwa. Wamva?"

Ndinati ndamva. Anamwalira m'mawa wina, nyengo yotentha mvula isanayambe.

Kwathu kulira kumodzi kokha kumasonkhanitsa mudzi. Ndinatuluka pakhomo n'kulira mokweza, ndinaliranso, mpaka mawu kusasa. Ndinkawaona amayi a m'mudzimo ali pamakomo awo akupeta nyemba, osatukula ngakhale mutu. Anabwera ndi anthu ochepa a kutchalitchi ochokera kutsidya kwa mtsinje, n'kukhala m'nyumba akuimba motsitsa. Koma manda ndi a mudzi. Adzukulu, anthu okumba manda, sagwira khasu mwinimbumba asananene.

Mwamuna wanga atafika anati tipeze galimoto tipite nawo ku Ulongwe, nkhani ithe. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, sanali iye wogwiridwa dzanja. Ndinamanga nsalu m'chiuno n'kupita kwa atsibweni. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapichesi akusema mpini. Ndinagwada, ine amene, pamaso pa munthu ameneyo.

"Atsibweni, alamu anu atisiya."

"Ndamva kulira. Pepa."

"Adzukulu akudikira mawu anu."

"Mawu anga? Ine ndili ndi mawu?" Anauzira tizipalapala ta pampini paja. "Paja atate ako ndi munthu wa boma. Mwambo anaukana anthu akuona. Boma linawapatsa nyumba, boma libwere lidzakumbe."

Ndinaimirira. Zimene ndinanena pamenepo mudzi wonse unamva. Ndinawatcha mfiti yoyenda masana. Ndinati mimba yawoyo inakula ndi thukuta la eni, kuti chibadwire sanamangepo ngakhale khola la nkhunda, kuti amayi akanadzuka akanawalavulira kumaso. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya kundithera, iwo akusema.

"Watha? Dzuwa likutenthatu ili. Mtembo sudikira juwizi."

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sananame. Mlandu ku tiribunali umatenga miyezi, ndipo m'nyumba muja ntchentche zinali zitayamba kale kulowa.

"Mukufuna chiyani?"

"Ine? Palibe. Kungoti mkamwini akamachoka amasiya chitseko chotsegula. Mng'ono wako akuvutika m'kanyumba kodontha, ana ali mbwee."

Ndinabwerera. Ndinapisa m'thumba la jekete la atate n'kutulutsa makiyi, anthu a kutchalitchi aja akundiyang'ana. Mwamuna wanga anandigwira mkono, ndinamukankha. Nditafika pamtengo paja sindinagwadenso. Ndinawaponya makiyiwo m'fumbi, pakati pa mapazi awo. Iwo sanawerame n'komwe. Anaitana mng'ono wanga uja, amene anali atabisala kuseri kwa nyumba, kuti adzatole.

Ndisanafike n'komwe pakhomo pa atate ndinamva makasu akugundana, adzukulu akulowera kumanda. Kenako amayi a m'mudzi aja anatulukira, eee, kulira kwake! Omwe aja amene anawamana atate moni zaka zonsezi ankadzigwetsa pansi, akugubuduka m'fumbi, akuti atisiyira yani, atisiyira yani. Wina anabwera kudzandikumbatira, ndinamuchotsa manja. Nkhuni zinabwera, ufa unabwera, bokosi linakhomedwa dzuwa lisanapendeke. Kumanda atsibweni anavula chipewa n'kulankhula kuti mudzi wataya munthu wolimbikira, mkamwini wosadziwa kukangana ndi anthu. Ndinalavula pansi anthu onse akuona, ndipo palibe anayerekeza kundidzudzula.

Anawaika pafupi ndi amayi, mbali ya kumanja. Ndinaima pomwepo mpaka dothi lomaliza, kuopa kuti angachite zina ndikatembenuka.

Anzanga a mumsika amandiuza kuti makiyi si nyumba, kuti lamulo likadali kumbali yanga, ndipite ndikaitenge. Ndikudziwa. Iwo amalankhula chifukwa makolo awo sanagone m'manda a atsibweni anga.

Titachoka kumanda ndinapita kunyumba kuja kukatenga chikwama changa. Mphasa za anamfedwa zinali zitatulutsidwa kale panja, pamodzi ndi bulangete la atate, ndipo mazenera onse anali otsegula. Mng'ono wanga uja anali ataima pakhomo, tsache lili m'manja, makiyi atawamangirira kunsonga ya nsalu yake. Anandiyang'ana, osasuntha, akudikira. Ndinaima pakhonde limene ndinaponda dothi lake ndi mapazi anga ndili mwana, chikwama changa ndikuchiona chili pampando mkatimo.

Ndinati odi.