Denga la pa siteshoni yathu yakale

Lachiwiri ndikuchokera ku Misa ya m'mawa, tcheni cha njinga yanga chinaduka pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima. Ndikukankha njingayo, ndinamva ana akuimba m'chipinda chomwe kale tinkadikiriramo sitima.

Ndinasuzumira. Anaphiri, mayi wa mu mphakati wathu, anali atakhazika tiana pansi, akuphunzitsa zilembo ndi khala pakhoma.

"Lowani bambo, tikiti sitifunsa," anatero.

"Nanga mvula ikayamba?" ndinafunsa ndikuyang'ana kudenga. Malata ambiri anapita kalekale.

"Ikayamba titseka. Oyang'anira malowa anatilola kufolera ndi udzu, koma azibambo anzanuwa akuti tidikire sitima ibwerere, eni ake adzakonza."

Achinyamatanu simunawaone malo ano ali moyo. Odwala opita ku chipatala cha Mua ankatsikira pano. Thonje ndi nsomba zouma zinkakwerera pano. Sitima ikalira cha kutali, amayi ankathamanga ndi malichero pamutu kukagulitsa pa mawindo. Mkazi wanga, malemu Nambewe, ndinamuona koyamba akuthamangira bogi ya sitima yomwe inkapita ndi mbale yake ya chinangwa.

Kenaka msewu wa tala unadza, maminibasi anachuluka, sitima ya anthu inasiya kuima. Udzu unamera pamene tinkatsitsira katundu.

Azibambowo sindiwaweruza. Nanenso ndakhala ndikudutsa apa ndi mtima womwewo, kuti tsiku lina zidzabwerera mwakale. Mwina sitima idzaimadi, Mulungu ndiye adziwa. Koma kodi mwana wa zaka zinayi angaidikire? Mjigo ukawonongeka timadikira amene anaukumba. Mlatho ukagumuka timadikira amene anaumanga. Kudekha n'kwabwino, koma kwina timangobisamo manja.

Madzulo ake ndinakaikamba nkhaniyi ku mphakati. A Chisale, kalipentala wathu, anaseka.

"Inu ndi nyamakazi yanuyo mukwera padenga?"

"Ine ndizikupatsirani udzu ndili pansi," ndinawayankha.

Anavomera. Wina walonjeza nsungwi, amayi akuti udzu amweta okha, anyamata a kwaya abwera ndi luzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Loweruka lino tikaona ngati mitu yathu yakwana. Mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa mapiri a Dedza.

Kwanuko, ndi nyumba iti imene ikugwa inu mukudikira eni ake?