Botolo la bulu pawindo la a Gerishomo

A Gerishomo analowa ntchito pa kachipatala ka m'mbali mwa nyanja ya Chilwa ngati okolopa. Sukulu analekezera sitandade 6, koma maso, eee, maso anali nawo. Dokotala wina wachikulire anawaphunzitsa kuyeza magazi pa maikulosikopu, makina oonera tizilombo, ndipo atapuma ntchito anawasiyira makinawo. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala pa mpando umodzimodzi, diso limodzi ali tsinzi.

Makinawo analibe magetsi. Ankatapa dzuwa ndi kakalilole kapansi. Ndiye mu 1995 nyanja itauma, dothi loyera lija linkathwanima ngati malata atsopano, fumbi nalo lili koboo. Kuwala kunkalowa kwachikasu, pang'ono kwayera, pang'ono kwafiira. Tizilombo ta malungo, timene timaoneka ngati timphete tokhala ndi kadontho kofiira, tinkangosowa m'maso.

"Dzuwa si limodzi," ankatero a Gerishomo. "Muli mitundu yonse ya utawaleza, ikulimbirana khomo. Yofunika kusefa."

Anapeza botolo lamimba, nathiramo madzi ndi bulu wochapira zovala amene anapempha kwa mayi Falida, ogulitsa mpunga wa ku Likangala pageti. Analiika pawindo, kutsogolo kwa kalilole. Kuwala kukadutsa m'madzimo, chikasu chinkatsalira, ndipo kotulukako kunkakhala phee. Odwala ena ankanong'onezana kuti mkuluyu waika nsupa. Iwo analibe nazo ntchito.

Manong'onong'owo anafika kwa akuluakulu a zaumoyo ku Zomba. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma amene anatumidwa, bwana Wilisoni, mnyamata wa tayi ndi mapepala ake, anabwera ndi chikwanje. Anafika tsiku loipa. M'mawa womwewo anthu anali atabweretsa mayi Falida pa njinga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, thupi lili moto. Kwinini anali atatsala wochepa, ndipo namwino sankabaya munthu magazi ake asanaonedwe.

"Madala, satifiketi mulibe," anatero a Wilisoni. "Zithumwa zanuzi chotsani. Makina ndikupita nawo lero."

A Gerishomo anapsa mtima, osati pang'ono. Anakumbatira makinawo ndi manja onse awiri.

"Bwana, mukawanyamula awa munyamulenso ine. Mayi ali pamphasa apowo ku Zomba sakafika. Magazi awo ndi awa pagalasi. Inu ndinu ophunzira, taonani nokha."

A Wilisoni anakankhira botolo pambali ndi nsonga ya cholembera, kuopa kuligwira, ha! Anakhala pansi n'kusuzumira. Anapotokola uku, anapotokola uko, misozi ili chuchuchu chifukwa cha kuthwanima.

"Mulibe kanthu. Si malungo awa. Apatseni panado."

"Mwatero?"

"Ndatero."

"Lembani ndithu, musayine dzina lanu. Koma musanalembe, diso likhale pompo."

A Gerishomo anabwezera botolo pamalo pake, nalitembenuza pang'ono ngati akutchera wailesi. Kuwala kwa buluu kunagwera pa kalilole. Bwanayo sanadzutse mutu. Khosi linayamba kutuluka thukuta, chifukwa timphete tija tinali mbwee, paliponse pamene diso lagwera, kalikonse ndi kadontho kake kofiira. Ndipo anali atangotsala pang'ono kumubweza mayi wapakati ndi panado.

"Anamwino!" anakuwa a Gerishomo, osadikira chilolezo cha munthu. "Kwinini, msanga!"

Namwino anathamanga ndi jakisoni. A Wilisoni anaimirira, manyazi atawagwira, napinda pepala lawo kanayi. Za satifiketi sanazitchulenso. Anazungulira botolo lija, ulendo uno n'kuligwira ndi dzanja, kulinunkhiza, kuliyang'anitsa padzuwa. Nsupa yake inali yomweyo, madzi a pachitsime ndi bulu wa pamsika wa ku Songani.

Atafika pakhomo anatembenuka, mawu atatsika.

"Achikulire, kuli zipatala zina zopanda magetsi. Buluyu mumathira wochuluka bwanji?"

A Gerishomo anali atakhala kale pa mpando wawo, akupukuta galasi la wodwala wotsatira. Sanacheuke n'komwe.

"Muyezo ndi wa eni bulu, bwana. Ndi omwe aja mumati alibe malungo. Mubwerenso akadzuka, mudzawafunse nokha."