Bwanji Aliyense Akufuna Mtsikana Wamkulu?

Lamulungu lapitali, ku tchalitchi kwathu ku Zingalume, kunabwera mayi wothawa nkhondo ya ku Mozambique ndi ana atatu: mtsikana wosinkhuka, kamnyamata ka chifuwa, ndi khanda. Mapemphero atatha, akuluakulu a mpingo anati tigawane anawo nyumba ndi nyumba kuti katundu apepuke.

Ine maso anga anali pa anthu. Ndi ntchito yanga.

"Mtsikanayo abwere kwathu," anatero aNabanda, nkhope ili ngati ya mngelo.

"Iyayi, ine ndinayamba kumuona," anatero aNaphiri.

Khanda lija? Kamnyamata kotsokomola kaja? Anthu onse anayamba kuyang'ana kudenga ngati kukudontha.

Apo asisitere athu achizungu, a ku Ayalandi, anaimirira. Anati kalekale, zaka za m'ma 1800, kwawo mbatatesi zinaolera m'minda, anthu nathawa njala pa zombo. Agogo a agogo awo anatsika ku dziko lachilendo ali ndi mng'ono wawo. Akhristu achifundo anawagawana, wina uku wina uko. Sanaonanenso mpaka imfa.

Mzungu kuthawa njala? Ndinawayang'ana nsapato, ndinawayang'ana masaya. Sindinakhulupirire msanga. Koma ndinafunsa ndithu: "Asisitere, amene ankamulimbirana anali wamkulu kapena wamng'ono?"

"Wamkulu, agogo. Ankadziwa kuchapa."

Ehe! Pamenepo ndinadziwa kuti sakunama. Bodza silidziwa zimenezo.

Abale anga, chifundo chathuchi chili ndi maso akuthwa. Pamaliro timasankha mwana wamasiye ngati tikusankha khasu pamsika. Wotha kusenza ndowa ali ndi azakhali ambiri. Wofuna kuberekedwa alibe mbale. ANabanda, mjigo uli kutali ndi kwanu, tonse tikudziwa. Koma mwana wa mnzako ndi wako yemwe, si njinga.

Ndiye ndinawatenga onse anayi. Musandiyamike. Ndinawatenga kuti ndiziwaonera pafupi, poti mlendo wogona kwa aneba ndiye amadziwa bwino khola lako. Mtedza wa mbewu ndaubisa kale, ndipo sindikuuzani komwe uli.

Dzulo aNabanda anafika ndi kachitenje, ati mphatso ya mtsikana. Kenaka, "Mungandibwerekeko masana okha?"

Ndinawapatsa khanda.

Anakumbukira kuti asiya nyemba pamoto.

Nanga inu, tsiku lomwe mudzagwe, pa ana anu adzayambe kutengedwa ndi uti?